Boti la Amjomba pa Mzere Wachitatu

Tsiku loyamba kuona foni ikudzidina yokha ndinakuwa mpaka mwini sitolo ya zitsulo, amene tinkachita lendi kuseri kwake, anabwera akuthamanga ndi chikwanje poganiza kuti mwalowa njoka. Foniyo inali gone pa tebulo, popanda woikhudza, koma inatsegula apu yathu, n'kulemba mawu, n'kudina batani, n'kutembenuza tsamba, mwachangu ngati kalaliki wofuna kuweruka. Woilamula ndinali ine. Timizere timene ndinalemba pa laputopu ndito tinkaiyendetsa. Ndinavina pomwepo, nsapato imodzi itatsala pansi pa tebulo, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Mu ofesi ija ya pa boma la Mangochi tinalimo atatu. Abwana athu anali atapuma usilikali wa pamadzi ku Monkey Bay. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo kuseka ankakuona ngati kuwononga nthawi. Wachiwiri anali mnzanga wolemba apu, bambo wa ku Kasungu woopa madzi moti powoloka mlatho wa pa Shire ankatsinzina. Wachitatu ndinali ine, woyesa. Mnzangayo akalemba, ine ndinkafufuza ngati zimene walembazo zikugwiradi ntchito, ndipo kanthu sikankatuluka mu ofesimo ndisanasaine pepala lovomereza.

Apuyo inabadwa m'mutu mwa abwana. Pa zaka zawo za usilikali anavuula asodzi ambiri amene mphepo ya mwera inawamiza, ndipo ankati ambiri mwa iwo akanapulumuka chikhala kuti wina kumtunda anadziwa msanga kuti sanabwere. Ndiye anaganiza zophweka. Madzulo maboti akamalowa m'nyanja, mlembi wa pa doko aziwalemba mu foni. M'mawa boti lililonse likakocheza, azidina batani lolembedwa kuti "Labwera" pafupi ndi dzina lake, dzinalo n'kuchoka pa mndandanda. Dzuwa likakwera dzina lina likadali pamenepo, foni izitumiza uthenga kwa anthu okasaka. Ntchito yake inali yokhayo, kuti munthu wotsala pamadzi asaiwalike.

Tinasankha kukayambira ku Lungwena, kwawo kwa amayi anga. Kumeneko kuli amjomba, mchimwene wawo wa amayi, msodzi wa usipa amene boti lake analilemba m'nthiti ndi penti yofiira kuti "Kaduka Sapindula". Nditawaimbira kuwauza za apu anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye foni idzisambira kudzandisaka ine?"

"Ayi amjomba, idziitana anthu."

"Chambone. Koma uiuze kuti ine sindimachedwa."

Kuti mumve bwino zimene ndinalakwitsa, ndiyambe ndakuuzani mmene foni imadzidinira. Inu mukayang'ana pa sikirini mumaona batani, mumaona mtundu wake, chala n'kupita chokha. Makina oyesera alibe maso. Muyenera kuwalembera njira yokafika pa batanilo, monga mungalondolere mlendo wosaona. Njira imeneyi anzathu a makompyuta amaitcha ekisipathi. Chimene chinandisangalatsa nditayamba kuiphunzira n'chakuti kuseri kwa sikirini zinthu zonse zimakhala pachibale. Pali bokosi lalikulu limene limabereka mabokosi ang'onoang'ono, iwonso n'kubereka ena, mpaka kufika pa kadzina ndi kabatani. Amisiri a ntchitoyi amatchuladi choncho: ili ndi kholo, uyu ndi mwana, awa ndi abale a mimba imodzi. Ukalemba kamzere kopendekera ndiye kuti watsikira kwa mwana. Ukalemba timadontho tiwiri ndiye kuti wakwera kwa kholo. Ukafuna mwana wachitatu umangoika nambala yake.

Nambalayo ndi imene inandikopa. Ine ndinakulira m'nyumba za aphunzitsi, pakuti bambo anga, a ku Ntcheu, anatumizidwa kudzaphunzitsa ku Mangochi kuno n'kukwatira konkuno. Nyumba za aphunzitsi zimakhala pa mzere, zofanana zonse, ndipo siziyenda. Munthu akafunsa kwathu tinkangoti, "Yachitatu kuchokera kwa ahedi," iye n'kukafika osasokera. Ndiye polemba njira zanga ndinalemba ngati mwana wa aphunzitsi. Lowa pa mndandanda, tsika pa mzere wachiwiri, dina batani. Zinali zaufupi, zaukhondo, zokoma kuziona.

Mayeso anga ankayenda chonchi. Foni inkalemba maboti asanu ongopeka. Kenako inkawonjezera lachisanu ndi chimodzi, lochedwa kunyamuka, chifukwa ndinkadziwa kuti pa doko sipalephera wina wochedwa. Boti lochedwalo apu inkaliika pamwamba pa mndandanda, ena onse n'kusunthira m'munsi. Ikatero foni inkadina batani la pa mzere wachiwiri n'kuwerenga otsala. Akatsala asanu, laputopu inkayatsa kamzere kobiriwira, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Zikanalakwika kakanakhala kofiira.

Kubiriwira kumene kuja, abale inu! M'mawa uliwonse ndinkafika ndisanamwe n'komwe tiyi, n'kuyatsa mayeso, n'kukhala pansi kuonerera timizere tikubiriwira kamodzikamodzi. Ndinkajambula n'kutumizira amayi, amene sankamvetsa kanthu koma ankayankha ndi timanja topemphera. Ndinaitanapo mayi wogulitsa mandasi kuti adzaone foni yodzidina, iye n'kuthawa akuti za ufiti sazifuna. Mnzanga wa ku Kasungu ankandinena kuti ndikwatiwa ndi laputopu. Abwana atabweretsa pepala lovomereza ndinasaina ndi siginecha yaikulu yokhala ndi mchira, imene ndinaiyeserera kuyambira ndili ku sekondale. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine mwambiwo ndinkauona ngati wa anthu ena.

Patatsala masiku ochepa kuti tipereke apu kwa makomiti a madoko ena, abwana anati tipite ku Lungwena tikaone ikugwira ntchito pamchenga penipeni. Mlembi wa kumeneko anali atakhala ndi foni yathu sabata yathunthu akuphunzira. Tinanyamuka m'mamawa pa njinga zamoto ziwiri, ine ndi abwana. Mnzathu uja anati ali ndi chimfine, koma tonse tinadziwa kuti chimfine chake ndi nyanja.

Mlembiyo ndinali ndisanakumanepo naye. Anali mayi wamkulu, wamasiye, wovala mpango woyera wophimba mutu ndi mapewa, atakhala pa chitini pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Pamiyendo pake panali foni yathu ndi kope lachikuto cholimba lakuda ndi manja. Abwana anandionetsa kwa iye kuti ndine katswiri wa ku ofesi. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Katswiri tamva. Koma ndiwe mwana wa ndani?"

Ndinatchula dzina la amayi. Anaganiza pang'ono, n'kutchula dzina la agogo anga aakazi, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Nditavomera anawomba m'manja.

"Basi! Ndiye amjomba ako ndi a Kaduka Sapindula. Mwanangu, ukanangonena choncho. Khala apa."

Ndinaseka mumtima. Munthu ndamuuza za amayi, iye wakwera mpaka kwa agogo n'kutsikira kwa amjomba. Ndinaona ngati ndi kuzungulira kwa anthu akumudzi basi, ndipo ndinakhala pa mchenga n'kutulutsa foni yanga kuti ndijambule.

Abwana anamupempha kuti kope aliike pambali tsiku limenelo, tione mphamvu ya apu payokha. Mayiyo analikhalira. Anatiuza kuti dzulo lake maboti onse analowa bwino, kupatula limodzi lolembedwa kuti "Mlamu Pepani" limene linachedwa podikira petulo, ndipo analilemba pomalizira. Ndinasuzumira pa foni. Mlamu Pepani linali pamwamba, monga mmene zinkachitikira m'mayeso anga. Boti la amjomba linali pa mzere wachitatu. Mtima wanga unadumpha poona dzina limene ndalidziwa kuyambira ndili mwana litakhala m'kanthu kamene ndinakayesa ndekha.

Kenaka maboti anayamba kutulukira, ndipo doko linasanduka msika. Amayi a mabeseni anathamangira m'madzi mpaka m'mawondo, ogula a pa njinga akukuwa mitengo, alovi, amene ndi anyamata okoka makoka m'maboti, akudumphira pansi ali njenjenje ndi mphepo. Boti loyamba kukocheza linali la pa mzere wachiwiri. Mlembi anadina batani lake. Anayang'anitsitsa, n'kukwinya nkhope.

"Silinachoke ili."

Dzuwa linali likuwala pa sikirini, ndipo zala zake zinali ndi mamba a usipa umene wina anamupatsira. Ine, katswiri, ndinayankha msangamsanga osayang'ana n'komwe bwino.

"Zala zanu zanyowa, mayi. Pukutani mudinenso."

Anapukuta pa chitenje n'kudinanso, dzina lija n'kuchoka. Kuyambira pamenepo zonse zinayenda ngati madzi. Boti likafika, iye dinu, dzina zii. Ine ndinkalumpha ngati ndili ku mpira. Ndinajambula kanema, ndinakumbatira mayi wina amene sindinkamudziwa, ndinaonanso abwana akumwetulira, chinthu chimene mnzanga wa ku ofesi sanandikhulupirire nditamuuza. Dzuwa lisanatenthe mndandanda unatha, ndipo foni inalemba mawu amene ndinawasankha ndekha: "Onse abwera."

Ndinainyamula m'mwamba kuonetsa anthu. Koma mlembi sankayang'ana foni. Ankayang'ana kumapeto kwa doko, pansi pa mtengo wa mgwalangwa, pamene panaima amayi anayi ndi mabeseni opanda kanthu.

"Amjomba ako sanabwere," anatero.

"Abwera kale, mayi. Onani, foni yawachotsa."

"Ine sindinawadine."

"Mwina munadina muli pa changu. Kunali anthu ambiri."

"Mwanangu, awo aima apowo ndi akazi a alovi awo. Munthu saima ndi beseni lopanda kanthu mwamuna wake atabwera."

Apa ndi pamene ndimafuna nkhaniyi ikanakhala ya munthu wina. Ndinakangana naye. Ndinati mwina amjomba akocheza pa doko lina kumene usipa ukudula, pakuti asodzi amatero. Ndinati apu iyi ndaiyesa m'mawa uliwonse ndipo sinalakwepo. Ndinatchulanso za kubiriwira, kwa mayi amene mwamuna wake nyanja inamutenga. Ndinkateteza siginecha yanga ya mchira ija, uku mchimwene wa amayi anga ali pamadzi. Ndinali ndi mkwiyo weniweni, wa munthu amene akumuchotsera chisangalalo pakamwa.

Mayiyo anandisiya pomwepo. Ananyamuka, n'kutenga kope lija analikhalira, n'kupita kwa mwini Mlamu Pepani, amene anali ndi petulo wotsala. Analankhula naye m'Chiyao mawu ochepa, ndipo ndinangomva dzina la boti la amjomba ndi mawu akuti mwera. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mphepo yasintha, kuti mapepala a pa matandala ayamba kuuluka ndipo patali madzi achita thovu loyera. Abwana anali ataiona kale. Anavula nsapato, n'kundipatsa foni yawo ndi chikwama, n'kukwera m'botimo osandiyang'ana.

Maola amene tinadikira aja sindingawafotokoze bwino. Ndinakhala pafupi ndi amayi a mabeseni aja. Foni yathu inali m'manja mwanga ikunenabe kuti onse abwera, ndipo ndinalakalaka kuiponya m'nyanja. Amayi anga anandiimbira kufunsa mmene ulendo wathu ukuyendera, ine osayankha.

Anatulukira dzuwa lili paliwombo, maboti awiri omangana ndi chingwe. Injini ya amjomba inali itafa mbandakucha, nkhafi imodzi itathyoka, ndipo mphepo inkawakankhira kutali uku akukapa madzi ndi zigubu. Anatsika ali otuwa, milomo itang'ambika, koma onse amoyo. Akazi aja analira, ena anafuula kuyamika Mulungu m'Chiarabu, ine ndinangogwira mkono wa amjomba. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Iwe mwana wa chemwali, foni yako yagwira ntchito, eti?" Sankadziwa. Ndinangowerama.

Tinabwerera ku boma pa njinga zathu zija. Titatsika abwana anangoti, "Upeze chimene chachitika." Ndinalowa mu ofesi mchenga uli m'mapazi, n'kuyatsa mayeso anga. Anabiriwira onse, mopanda manyazi.

Ndinakhala ndikuwayang'ana, ndipo pang'onopang'ono manyazi anga anayamba kusanduka ukali wa mlenje. Ndinawerenganso njira yanga mokweza, ngati mwana wa sitandade wani. Lowa pa mndandanda. Tsika pa mzere wachiwiri. Dina. Werenga otsala. Ndinaibwereza katatu, kenaka ndinamenya tebulo mpaka mnzanga wa ku Kasungu anataya tiyi. Mayeso angawo sankafunsa kuti wachoka ndani! Ankangowerenga mitu. Asanu ndi mmodzi, chotsa mmodzi, atsala asanu, basi tiyeni tivine. Kaya wachokayo ndi amene wadinidwa kaya ndi mnansi wake, iwo analibe nazo ntchito. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya chisa chonse.

Pamenepo ndinakumbukira mmene mlembi anandipezera m'mawa muja. Sanafunse kuti ndine wachingati kutsika pa njinga. Anagwira dzina, n'kukwera kwa kholo, n'kutsikira kwa m'bale. Nyumba za aphunzitsi siziyenda, koma maboti amayenda, ndipo amene amakhala nawo anasiya kalekale kuwawerenga pa mzere. Ndinayamba kulemba njira yatsopano. Ndinachotsa manambala onse. Ndinauza makina kuti asake paliponse pa sikirini mawu a dzina la boti. Akawapeza, timadontho tiwiri, akwere kwa kholo lake, limene ndi mzere wonsewo kaya uli pamwamba kaya pansi. Kuchoka apo atsikire kwa m'bale wake wa dzinalo, amene ndi batani, n'kudina. Akadina asawerenge mitu, koma aitane boti lililonse ndi dzina lake. Lodinidwalo lisapezeke, ndipo ena onse ayankhe kuti alipo.

Maboti ongopeka aja ndinawapatsa maina a ku Lungwena, m'ndondomeko yomwe ija ya m'mawa. Ndinalumikiza foni, n'kuyatsa. Tonse awiri tinaweramira pa tebulo. Foni inalemba maboti, inawonjezera Mlamu Pepani, inapeza boti loyamba kukocheza lija, inadina. Laputopu inakhala kaye chete, kenaka psuu! Kufiira. Pansi pake panalembedwa kuti boti lodinidwa likadalipo, ndipo Kaduka Sapindula sakupezeka.

Ndinaimba nthungululu. Ndikunena zoona, ndinaimba nthungululu ya pa ukwati chifukwa cha kamzere kofiira, mwini sitolo uja n'kubweranso pakhomo, ulendo uno wopanda chikwanje. Sindinasangalalepo ndi kubiriwira kulikonse monga ndinasangalalira ndi kufiira kumene kuja. Chilombo chinali chitagwidwa masana, ndi njira yanga.

"Sizingatheke," anatero mnzanga. "Wasokoneza ndiwe. Dzana zinali bwinobwino."

"Achimwene, tsegulani khodi yanu, zimene munalemba mu apu zija, muone batani limakumbukira chiyani."

Anatsegula akung'ung'udza. Anayang'ana, n'kuvula magalasi, n'kugwira kumutu. Naye anali atachita zomwe ndinachita ine. Batani lililonse silinkakumbukira boti lake, linkakumbukira nambala ya mzere. Boti lochedwa likalowa pamwamba maina ankasunthira m'munsi, koma mabatani ankatsalira ndi eni akale mpaka wina atadina kamodzi. Amjomba anali pa mzere wachiwiri Mlamu Pepani lisanalembedwe. Ndiye kudina koyamba kwa mlembi, kumene ine ndinati ndi zala zonyowa, kunachotsa iwo. Iye anawerenga mizere polemba apu, ine ndinawerenga mizere poiyesa, ndipo tinakhala tikuchitirana umboni milungu yonse ija, aliyense akutamanda mnzake.

M'mawa mwake ndinalowa kwa abwana n'kuwapempha pepala lija ndinasaina. Anali atasindikiza kale makalata oitanira anthu ku mwambo wopereka apu, ndipo tenti inali itapezeka.

"Mnzako akuti akonza lero lomwe," anatero. "Ndi kanthu kamodzi."

"Kamodzi kamene tikukadziwa, bwana. Njira zanga zonse n'zowerenga mizere. Zonse ndiyenera kuzilembanso, ndipo sindisaina mpaka nditamaliza."

"Udziwa kuti undichititsa manyazi pamaso pa anthu amene ndawaitana?"

"Ndikudziwa. Koma dzulo ndinauza anthu kuti amjomba anga abwera."

M'manja mwa abwana munali matuza a chingwe chimene anakokera boti lija. Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepalalo, n'kundipatsa. Ndinaling'amba pakati penipeni pa mchira wa siginecha, ndipo ndinamva kupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Mwambo unasunthidwa. Abwana anakhala masiku atatu akungondilankhula kudzera mwa mnzanga.

Milungu yotsatira inali yokoma kuposa ina iliyonse pa ntchito yanga. Njira iliyonse imene ndinkaichotsa nambala n'kuipatsa dzina inkavumbula kanthu. Tinapeza kuti munthu akakulitsa zilembo pa foni, monga amachitira akuluakulu a maso ofooka, batani lina linkabisala kunsi kwa sikirini. Tinapeza kuti maboti awiri akakhala ndi dzina limodzi apu inkasokonezeka, ndipo pa nyanja pano maboti olembedwa kuti Zonse ndi Nthawi alipo ambiri. Ndinakakamiza mnzanga kuti kanthu kalikonse ka pa sikirini azikapatsa chizindikiro chakechake chosasintha, monga penti ya m'nthiti mwa boti. Poyamba ankadandaula, koma mapeto ake kukafiira ankathamanga yekha kudzaona, ndipo tinkawombana m'manja. Tinagwirizananso kuti mlembi asasiye kope lake. Nditamuuza zimenezi pa foni anati analibe n'komwe maganizo olisiya.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ndinkachizengereza. Loweruka lina ndinakwera njinga kupita ku Lungwena ndi laputopu m'chikwama. Amjomba ndinawapeza pa khonde akusoka ukonde. Sanadikire kuti ndikhale pansi.

"Ndamva kuti iwe unandibweretsa kumtunda ine ndili pakati pa madzi."

Pa doko palibe chinsinsi. Ndinagwada n'kuvomera zonse, za zala zonyowa, za doko lina, za kukangana ndi mlembi. Iwo ankangosoka. Nditamaliza anati ndiwaonetse chinthucho. Ndinayala laputopu ndi foni pa mkeka, n'kuyatsa mayeso. Foni itayamba kudzidina anafutukira m'mbuyo n'kunena mawu a pemphero, kenaka anaweramira pafupi. Maboti analembedwa, anayamba kuchoka limodzilimodzi, mpaka panatsala dzina limodzi lokha. Kuwerenga kwawo n'kovutikira, koma mawu amene anawapenta okha anawazindikira.

"Langa ilo. Bwanji silikuchoka?"

"Silimachoka, amjomba. Ndinakonza choncho. M'mayesowa ena onse amabwera, inu mumatsala. Foni ikakuchotsani, kapena ikalephera kuitana anthu, kuno kumafiira ndipo apu siituluka mu ofesi."

Pomwepo foni inalira, uthenga wongoyeserera wokasaka boti lawo utatuluka, ndipo laputopu inabiriwira. Amjomba anaseka mpaka misozi.

"Ndiye tsiku lililonse iwe umandisiya pa nyanja?"

"M'mawa uliwonse."

"Mpaka liti?"

Anatola singano yawo n'kuyambanso kusoka, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

"Usadzandichotsepo. Ine ndikhala pamenepo."

Papita zaka tsopano. Apu inasintha nkhope kangapo, mnzanga wa ku Kasungu anaphunzira kuwoloka mlatho maso ali otsegula, ndipo amjomba anasiya kulowa m'nyanja chifukwa cha msana. Boti lija linawola, matabwa ake anamangira khola la mbuzi. Koma m'mawa uliwonse ndikayatsa mayeso sindipita kukatenga tiyi. Ndimaima pa tebulo kuonerera maina akuchoka limodzilimodzi, mtima uli m'mwamba, mpaka nditaona kuti Kaduka Sapindula latsala ndipo foni yayamba kuitana anthu.